Tisathamangitse owerenga pofuna ndalama za otsatsa malonda

Awa ndi mawu omwe mmodzi mwa mamembala athu anayankhula pa mkumano wa kalabu Loweruka lapitali. Tawalemba monga anawayankhulira kuti inu amene simunabwere muwerenge, kenako mupereke maganizo anu tisanavote.

Ndiyesetsa kusatalikitsa poti ena mwachokera kutali ndipo mubwereranso wapansi.

Mwezi watha komiti inandipatsa ntchito ziwiri. Yoyamba, ndiyang'ane bwinobwino kalata yathu ya nkhani imene timaposita pa Facebook ndi kutumiza m'magulu a WhatsApp, ndifunsenso amene amaiwerenga kuti akuiona bwanji. Yachiwiri, ndibwere ndi maganizo pa nkhani ya amalonda amene ayamba kupempha malo m'kalatamo. Mukudziwa kale: a chigayo afunsa, ogulitsa mbewu ndi feteleza afunsa, anyamata a kabaza akufuna nambala zawo zizioneka, ndipo poti kukolola kwayandikira, ogula soya ndi mtedza nawo ayamba kutiyimbira. A msungichuma akumwetulira kale. Sindikuwadabwa ayi, chifukwa bandulo yopositira kalatayi imachokera m'matumba mwa anthu awiri atatu, mpira wathu ndi wa zigamba, ndipo ulendo uliwonse wa ku Dowa boma timachita kusonkherana.

Ndalamayo tikuifuna, zoona. Koma mfundo yanga lero ndi imodzi basi. Wamalonda akatipatsa ndalama, chimene akugula ndi maso a anthu amene amawerenga kalata yathu. Owerengawo akathawa chifukwa kalata yalemera, sikuwerengeka, kapena yadzaza malonda, wamalondayo adzawatsatira. Ndiye tidzataya zonse ziwiri, owerenga ndi ndalama. Choncho tiyambe kusamala wowerenga, malonda abwere pambuyo.

Ndisanapitirire ndithokoze anzathu amene amakonza kalatayi. Amagwira usiku, nthawi zina pa foni yobwereka, popanda malipiro. Anthu amene ndinawafunsa anayamikira nkhani zathu, makamaka za mpira, za ulimi ndi za mwayi wa sukulu. Madandaulo awo anali pa maonekedwe. Ndiye zimene ndinene apa tizitenge ngati za tonse, poti mutu umodzi susenza denga.

Amene amatiwerenga ndi ndani?

Tikamakonza kalata pa kompyuta kapena pa foni yaikulu, timaiwala munthu amene akailandire. Tiyeni timuone. Ali ndi itel kapena Tecno ya sikirini yaing'ono, mwina yosweka pakona. Batire latsala pang'ono ndipo kotchajitsa n'kolipira. Wagula bandulo ya tsiku limodzi ya TNM kapena ya Airtel, mwinanso ya WhatsApp yokha, imene singatsegule linki yopita kwina. Netiweki ya kuno ku Nachisaka mukuidziwa nokha: pamtunda ilipo, mukatsikira kudambo kapena kuseri kwa phiri yathawa. Ndipo akuwerenga ali panja, pamsika kapena kumunda, dzuwa likuwomba pa sikirini.

Kafukufuku amene a National Statistical Office anachita mogwirizana ndi MACRA mu 2019 anapeza kuti anthu osakwana 15 pa 100 alionse m'dziko muno ndiwo ankagwiritsa ntchito intaneti, ndipo kumidzi chiwerengerocho chinali chotsikirapo. Zinthu zasinthako kuchokera nthawi imeneyo, koma tonse tikudziwa kuti kuno foni imodzi imawerengedwa ndi banja lonse. Mwana amawerengera amayi ake, mlongo amabwereketsa mchimwene wake, wina amawerenga mokweza anzake ali pa bawo. Kalata yathu iziwerengeka ndi maso, izimvekanso bwino munthu akamaiwerengera ena.

Kulemera kwa kalata

Dandaulo loyamba limene ndinamva ndi lakuti, "Ndimaiona yabwera koma sindiitsegula, imadya bandulo." Apa tiwerengetse pang'ono, masamu ake si ovuta.

1 MB ndi pafupifupi 1,000 KB. Tsamba lathunthu la mawu otayipa okhaokha silifika ngakhale 10 KB. Koma chithunzi chimodzi chojambulidwa ndi kamera ya foni yabwinoko chikhoza kulemera 3 MB. Ndiye kuti chithunzi chimodzicho chikulemera kuposa masamba 300 a mawu. Tikaika zithunzi 10 zotere mu PDF osazichepetsa, kalata yafika 30 MB. Munthu amene wagula bandulo ya 100 MB tamudyera pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu asanawerenge ngakhale mutu wa nkhani. Komanso ndi netiweki yathuyi, kudawuniloda kumaduka panjira, ayambirenso, bandulo ikupita.

Chithunzi chomwecho tikachichepetsa kufika 150 KB chimaonekabe bwino pa foni, ndipo zithunzi 20 zotere n'zimene zingalemere ngati chimodzi chija. Mapulogalamu ochepetsera zithunzi alipo aulere. Tisankhenso zithunzi zochepa zimene zikunenadi kanthu. Zithunzi zisanu za anthu omwewo ataima pamzere womwewo, chimodzi chikwana eti?

Mizere yoyamba

Dandaulo lachiwiri: "Ndimawerenga mpaka kutopa osapeza kuti msonkhano uli liti."

Pali katswiri wina dzina lake Jakob Nielsen amene wakhala akufufuza momwe anthu amawerengera pa sikirini. Mu 1997 anapeza kuti mwa anthu amene anawayesa, 79 pa 100 alionse ankangoyendetsa maso kufunafuna chimene akufuna, ndipo 16 okha ndiwo ankawerenga liwu ndi liwu. Mu 2006 gulu lake linagwiritsa ntchito makamera otsata maso a munthu, n'kupeza kuti maso amayenda ngati akulemba chilembo cha F. Amawerenga mzere wapamwamba, atsike pang'ono awerenge theka la mzere wina, kenako angotsetsereka kumanzere mpaka pansi. Amenewo anali anthu a makompyuta aakulu, okhala pamthunzi. Nanga mnzathu uja wa batire lotsala pang'ono?

Onjezani ichi: Facebook imaonetsa mizere yochepa yoyambirira, kenako imalemba kuti See more. Amene sanakopeke ndi mizere imeneyo sadina, amangopitirira.

Ndiye mizere yoyamba ndi malo odula kwambiri m'kalata monse. Atolankhani a The Nation kapena Daily Times amayamba ndi zofunika: ndani, wachita chiyani, liti, kuti. Zofotokozera zimabwera pambuyo. Ife nthawi zambiri timayamba monga tinkalembera chimangirizo ku sekondale: "Monga tonse tikudziwa, chitukuko ndi chinthu chofunika kwambiri pa moyo wa munthu aliyense." Aphunzitsi a Chichewa ankatipatsa mamalikisi, koma pa foni munthu wapita kale. Yerekezani ndi iyi: "Loweruka 8 koloko m'mawa tikumana pabwalo la sukulu kukakonza msewu wa kuchigayo. Bwerani ndi makasu." Amene wawerenga mizere iwiri yokhayo wamva zonse zofunika.

Mutu wa nkhani nawo uzinena nkhaniyo. "Chidziwitso chofunika" si mutu, chifukwa chidziwitso chilichonse mwini wake amati n'chofunika. "Mayeso obwereza: kulembetsa kutha Lachisanu" ndiye mutu. Ndime zikhale zazifupi, mfundo imodzi ndime imodzi, ndi mpata pakati pake kuti maso apume.

Zilembo

Apa ndi pamene agogo ena anandiseketsa. Anati, "Ana inu mumalemba ngati nyerere zikusamuka." Chifukwa chake n'chosavuta. Pepala la A4 ndi lotambalala masentimita 21. Sikirini ya foni ndi masentimita 6 kapena 7. Tikakonza kalata pa tsamba la A4 n'kuitumiza, foni imaifinya katatu, ndiye zilembo za saizi 12 zimaoneka ngati za saizi 4. Munthu azikulitsa ndi zala, azikokera kumanja, kumanzere, mpaka asokere kuti anali pa mzere uti.

Zimaipiraipira tikagawa tsamba m'mizati iwiri kapena itatu kutengera nyuzipepala. Nyuzipepala ngati Boma Lathu kapena Fuko zimatero chifukwa pepala lake ndi lalikulu. Robert Bringhurst, amene analemba buku lodziwika la kakonzedwe ka zilembo, amati mzere wowerengeka bwino umakhala ndi zilembo za pakati pa 45 ndi 75. Pa foni, zilembo zikakhala zazikulu bwino, mzere wonse umakwana pafupifupi theka la zimenezo. Palibe malo a mzati wachiwiri.

Ndipo ife tili ndi vuto lina limene olemba Chingerezi alibe: mawu a Chichewa ndi aatali. "Tikadzakumananso" ndi zilembo 16. "Akanatidziwitsiratu" ndi zilembo 19. Mawu awiri otere adzaza mzere. Ndiye tikauza pulogalamu kuti iwongole mizere mbali zonse ziwiri, imasiya mipata ikuluikulu pakati pa mawu ngati chimanga chomera mwa apo ndi apo. Tiziwongola kumanzere kokha, kumanja kuzithera pomwe liwu lathera.

Pa mtundu wa zilembo, ziwiri zikwana: wina wa mitu, wina wa nkhani. Zilembo zopindikapindika zija, zonga za pa khadi la ukwati, zimakongola ukaziona patali koma kuwerenga ndime yonse mutu umapweteka. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Palinso zilembo zokongoletsa zimene ena amakopera pa intaneti n'kumata pa Facebook. Pa foni yanu zimaoneka bwino, koma pa mafoni ena akale zimangotuluka timabokosi. Mitundu ina ya zilembo ilibenso ŵ wathu wa mu Malaŵi, ndiye musanasankhe, tayipani liwu limeneli muone ngati latuluka bwino. Tisamasiyenso kachizindikiro ka mu ng'ombe, ng'oma ndi pang'ono. Amene akuwerengera ena mokweza amapunthwa pomwepo.

ZILEMBO ZAZIKULU ZOKHAZOKHA tizisungire mitu yaifupi. Ndime yonse ikakhala yotero imachedwetsa kuwerenga, komanso imaoneka ngati tikukalipa.

Chinthu china: nkhani yofunika izitayipidwa ngati mawu mu positi momwemo, osati kuijambula n'kuitumiza ngati chithunzi chokha. Zifukwa zake zitatu. Ambiri anatseka zoti zithunzi zizitseguka zokha pa WhatsApp, ndiye amangoona chimbuuzi. Nambala ya foni imene ili m'chithunzi munthu sangaidine kuti ayimbe, amachita kuilemba padzanja. Komanso anzathu a vuto la maso amene amagwiritsa ntchito TalkBack, pulogalamu imene imawawerengera mokweza zolembedwa pa foni, mawu otayipa ndi amene amawerengeka mosavuta.

Mitundu

Tonse timakonda mitundu ya mbendera yathu, wakuda, wofiira ndi wobiriwira. Koma zilembo zofiira pamwamba pa zobiriwira n'zovuta kuwerenga kwa aliyense, ndipo pali anthu, makamaka amuna, amene anabadwa osatha kusiyanitsa bwino mitundu iwiriyi. Bungwe la W3C, limene limakonza malamulo a kayendedwe ka masamba a pa intaneti, lili ndi muyeso wa kusiyana kwa kuwala pakati pa zilembo ndi pamene zalembedwapo. Limati pa zilembo wamba kusiyanako kusachepere 4.5 kwa 1. Zakuda pa zoyera ndi 21 kwa 1. Zachikasu pa zoyera zimangopitirira 1 pang'ono, ndiye kuti pa dzuwa la masana sizioneka n'komwe.

Kumbukiraninso anzathu achialubino, amene ambiri mwa iwo maso awo saona bwino zinthu zazing'ono, ndi makolo athu amene alibe magalasi. Zilembo zakuda pa zoyera, zazikulu bwino, zimathandiza onsewa. Mitundu ina tiziika pa mitu ndi m'mphepete. Ndipo tisamalembe mawu pamwamba pa chithunzi cha anthu kapena cha munda, chifukwa theka la chiganizo limagwera pa malaya oyera, theka lina pa mthunzi wa mtengo.

Tsopano za malonda

Ndiyambe ndi mbiri pang'ono. Malonda oyamba odziwika a kabokosi pamwamba pa tsamba la intaneti anaikidwa mu 1994 pa HotWired ku America, olipira anali kampani ya mafoni ya AT&T. Zimanenedwa kuti mwa anthu 100 alionse amene anawaona, 44 anadina, poti chinali chinthu chachilendo. Lero malonda otere sadinidwa ngakhale ndi munthu mmodzi pa 100. Mu 1998, Jan Benway ndi David Lane a pa Rice University anaonetsa chifukwa chake. Anthu anaphunzira kulumpha chilichonse chooneka ngati malonda, moti ngakhale chimene ankachifunacho chikaikidwa m'bokosi lowala la mitundumitundu, ankachidutsa osachiona.

Pamenepa tiphunzirepo ziwiri. Choyamba, malonda okuwa kwambiri ndi amene saonedwa. Chachiwiri, zidziwitso zathu za kalabu tisamazikongoletse mpaka kuoneka ngati malonda, chifukwa anthu azizilumpha.

Makampani akuluakulu nawo anafika pozindikira kuti akuthamangitsa anthu. Anapanga gulu lotchedwa Coalition for Better Ads, ndipo mu 2017 linatulutsa mndandanda wa malonda amene anthu amadana nawo kwambiri pa foni: otulukira mwadzidzidzi n'kuphimba nkhani, a kanema woyamba kulira yekha, othwanimathwanima, komanso malonda odya malo opitirira 30 pa 100 a tsamba. Kuyambira February 2018, Chrome inayamba kutsekereza malonda pa masamba ophwanya zimenezi. Ngati anthu amene amadyera malonda enieniwo anadziikira malire, nanga ife?

Ine ndikupempha kuti malire athu akhale gawo limodzi mwa magawo anayi. Kalata ikakhala ya masamba 8, malonda onse pamodzi asapitirire masamba 2. Akadzaza malowo, wobwera mochedwa adikire kalata yotsatira. Ndikudziwa kuti kubweza ndalama kumawawa, koma ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Komanso malo akakhala ochepa mtengo wake umakwera. Otsatsa anayi amene akuonekadi adzalipira bwino kuposa khumi ndi awiri opanikizana amene palibe akuwaona.

Aikidwe pati?

Pamwamba pa tsamba loyamba, ndi mizere yoyamba ya positi, pakhale pa nkhani yathu yaikulu. Pamenepo sitigulitsa, kaya munthu abwere ndi zingati. Munthu akatsegula n'kuyamba kuona mtengo wa feteleza, aganiza kuti ndi malonda okhaokha, atseka.

Malonda azikhala pakati pa nkhani ina ndi inzake, nkhani ikatha. Asamadule ndime pakati. Mvetserani wailesi, kaya Zodiak kaya MBC: malonda amabwera gawo la pulogalamu likatha. Simungamve uthenga wa maliro ukudulidwa pakati kuti atsatse sopo. Ifenso pafupi ndi uthenga wachisoni, kapena nkhani ya mwana wochitiridwa nkhanza, pasakhale malonda alionse.

Malonda onse azikhala m'bokosi la mzere woonda, pamwamba pake palembedwe kuti "Malonda". Nyuzipepala zimachita chimodzimodzi zikasindikiza nkhani yolipiridwa, zimalemba kuti owerenga adziwe. Izi n'zofunika kwambiri pa nkhani za ulimi. N'zomveka kuika malonda a mbewu pafupi ndi nkhani ya kadzalidwe ka soya, chifukwa wowerenga nkhaniyo ndi amene angagule. Koma wowerenga azitha kuona pamene malangizo a alangizi athera ndi pamene mawu a wogulitsa ayambira. Akasokoneza ziwirizi, tsiku limene mbewuyo sidzamera adzati kalabu inatinamiza.

Wotsatsa timuthandizenso kulemba. Zinthu zisanu zikwana: akugulitsa chiyani, pa mtengo wanji, ali pati, amatsegula nthawi yanji, nambala yake. Chithunzi chimodzi chochepetsedwa. Ndipo timuuze kuti azifunsa makasitomala ake kuti amva kuti za iye. Akamva anthu angapo akuti "tinaona m'kalata ya achinyamata", sitidzachita kumupempha kuti abwerenso.

Malonda oti tikane

Anzanga, kalatayi imalowa m'nyumba za anthu chifukwa makolo amatikhulupirira. Chikhulupiriro chimenecho ndiye chuma chathu chenicheni, ndipo malonda amodzi oipa akhoza kuchigwetsa.

Za kubetcha ndi za mowa tikane. M'kalabu muno muli ana a Fomu 1 ndi Fomu 2, ndipo malamulo a dziko lino salola zimenezi kwa munthu wosakwana zaka 18. Tikanenso akatapila, ogulitsa mankhwala akuti amachiza matenda alionse, ndi aja olonjeza ntchito ku Johannesburg kapena kwina kunja koma uyambe watumiza ndalama pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Zipani za ndale nazo ayi, chifukwa muno tili anthu a mitundu yonse ya nsalu.

Ogula mbewu ndiwo akufunika kuwasamala nyengo ino. Chaka chilichonse Unduna wa Zaulimi umalengeza mitengo yoyambira kugulira mbewu kwa alimi, ndipo masikelo a malonda amayenera kuyesedwa ndi a Malawi Bureau of Standards. Wogula soya kapena mtedza amene akufuna malo m'kalata mwathu atiuze mtengo wake pa kilogalamu, usatsike pa umene boma lalengeza, ndipo mmodzi wa komiti akaone sikelo yake ndi chiphaso chake. Akakana, ndalama yake akhale nayo. Malonda onama ndi mlandu, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo otere. Koma ife tisadikire zimenezo. Amene angaberedwe pa sikelo ndi mayi anu ndi mayi anga.

Komanso zimveke kuyambira lero: kulipira malonda sikugula nkhani. Wa chigayo akatsatsa mwezi uno, mwezi wamawa anthu n'kudandaula za chigayo chakecho, nkhaniyo tilemba ndithu, titamufunsanso mbali yake.

Za ndalama za Google

Ena munandifunsa kuti bwanji osangoika malonda a Google tizilandira madola. Ndafufuza. Pulogalamu yake imatchedwa AdSense. Imafuna kuti mukhale ndi tsamba lanulanu la pa intaneti, singaikidwe pa gulu la WhatsApp kapena pa peji ya Facebook. Mwini akaunti akhale wa zaka 18 kapena kuposa. Salipira mpaka ndalama zitakwana madola 100, pomwe malondawo amangobweretsa timasenti. Ndipo amene mukuganiza kuti tizingodina tokha mamembala, iwo amazindikira ndipo amatseka akaunti. Ndi owerenga amene tili nawo panopa, madola 100 amenewo tingawadikire mpaka ena mwa ife titakwatira. Ndalama imene ili pafupi ndi ya anthu amene timakumana nawo pamsika. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tiziyesa tisanaposite

Sitikufunika katswiri wochokera ku Lilongwe. Mayeso atatu akwana, ndipo satenga mphindi 10.

Oyamba: kalata ikatha, itumizidwe ku foni yaing'ono kwambiri imene ilipo m'kalabu muno, munthu atuluke nayo panja masana. Ngati akukulitsa ndi zala kapena kuphimba sikirini ndi dzanja, tibwerere tikakonze.

Achiwiri: tipatse munthu wamkulu amene sanaionepo, ayang'ane kanthawi kochepa, kenako timulande n'kumufunsa kuti nkhani yaikulu ndi iti, ndipo msonkhano uli liti. Akatchula malonda m'malo mwa nkhani, ndiye kuti malonda akula.

Achitatu: wina aiwerenge mokweza. Pamene wapunthwa kapena mpweya wamuthera, chiganizocho n'chachitali, tichidule.

Zoti tivotere

A wapampando, ndikupempha kuti mfundo izi zilowe m'buku la a mlembi, tidzazivotere pa mkumano wotsatira.

1. Kalata yonse isapitirire 2 MB, ndipo kulemera kwake kuzilembedwa pa uthenga woitumizira kuti munthu adziwiretu.

2. Nkhani yaikulu ndi zidziwitso za misonkhano zizitayipidwanso ngati mawu mu positi momwemo.

3. Mzati umodzi, mitundu iwiri ya zilembo, zakuda pa zoyera, zowerengeka popanda kukulitsa.

4. Malonda asapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi, asakhale pamwamba pa tsamba loyamba, asadule nkhani, ndipo azilembedwa kuti "Malonda".

5. Anthu atatu a komiti azivomereza malonda alionse asanalowe, potsatira mndandanda wa zokana uja.

6. Wotsatsa aliyense azilandira lisiti, ndipo a msungichuma azilengeza mwezi ndi mwezi ndalama zimene zalowa ndi kumene zapita.

Mitengo ya malo sindinaitchule dala. Imeneyo tikambirane tonse, poti ena mwa inu mumagulitsa pamsika ndipo mukudziwa zimene wamalonda wa kuno angakwanitse.

Amene mukonze kalata ya mwezi wamawa, ndikupempha tiyesere mfundo zitatu zoyambazo tisanalandire ngakhale tambala ya munthu. Tikaona kuti anthu ayambiranso kutsegula ndi kuyankha, tidzakhala ndi chowaonetsa amalonda aja. Ndipo inu nonse, mukapita kunyumba mukawaonetse makolo ndi azing'ono anu kalata imene ili m'foni mwanu, mukamve zimene anene, mudzatiuze Loweruka likubwerali. Amene simukugwirizana nane pa gawo limodzi mwa anayi lija, konzekani, tidzatsutsane bwinobwino.